Mwana wanga akukana nsima pofuna kuonda

Mayi wa ku Rosettenville, ku Joni: Makolo anzanga, ndithandizeni nzeru. Mtsikana wanga wa zaka 15 wasiya kudya nsima, ndipo chakudya chimene ndimamulongedzera popita kusukulu chimabwerera osachikhudza. Akuti anzake amamuseka chifukwa cha mbina, ndipo usiku amangoyang'ana atsikana oonda pa TikTok. Kwathu ku Mulanje kunenepa tinkakuona ngati chizindikiro cha moyo wabwino. Kodi ndimulole achepetse thupi?

Namwino wa ku Hillbrow: Mayi, musathamangire sikelo. Pa msinkhu umenewu chiuno chimakula ndipo mafuta amawonjezeka, chifukwa thupi likukhwima. BMI (muyezo wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi kutalika) ya wachinyamata siiwerengedwa ngati ya munthu wamkulu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi matchati a zaka 5 mpaka 19 omwe amaganizira zaka ndiponso ngati mwana ndi wamkazi kapena wamwamuna. Pitani naye kukiliniki akamuyeze. Mukaona kuti wasiya kusamba mwezi ndi mwezi, akuchita chizungulire, kapena akuthamangira kuchimbudzi akangomaliza kudya, musachedwe, pakuti kudzimana chakudya kumatha kusanduka matenda oopsa.

Bambo a Awiri: Kwathu tinangochepetsa kota (buledi woikamo tchipisi ndi soseji) ndi zakumwa zotsekemera kwa banja lonse, osaloza mwana mmodzi chala. Nsima, nyemba ndi chisoso sitinasiye.

Azakhali a ku Yeoville: Inu mayi, samalaninso pakamwa pa alendo. Mawu akuti "wanenepatu" ife timawanena moyamikira, koma mwana wokulira ku Joni kuno amawamva ngati chipongwe.