Thandizeni: nkhungu yopha nkhupakupa pa ng'ombe

Alimi anzanga, ndili kuno ku Kamwendo, Mchinji, ndipo nkhupakupa zandithetsa nzeru. Ndili ndi ng'ombe 7. Ndimapopera mankhwala sabata iliyonse, koma pakangopita masiku atatu zabwereranso. Dzulo nditapinda khutu la thole langa ndinapeza zofiirira zija zitaunjikana mkati, khutu likuchucha magazi. Dzinja lathali chigodola, matenda ofala ndi nkhupakupa, chinandiphera mathole awiri, mpaka pano mtima ukuwawabe.

Ndamva za nkhungu ya m'dothi yotchedwa Metarhizium anisopliae, yomwe a icipe, bungwe lofufuza za tizilombo ku Kenya, akhala akuifufuza. Ikagwera pa nkhupakupa imamera, n'kuboola khungu lake, n'kuidya mkati mpaka kufa. Siipha pompopompo ayi, pamapita masiku angapo, komanso dzuwa lamphamvu limaifooketsa.

Alipo amene anaiyesapo kuno kwathu? Imapezeka kuti, ndipo ndi ndalama zingati? Nanga ndi kutentha kwa mu Okutobala, kupopera madzulo kungathandize? Chinanso chikundidetsa nkhawa n'chakuti ng'ombe ziwiri ndimakama, ana amamwa mkakawo m'mawa uliwonse. Ndingaphatikize ndi mankhwala akalewa kapena ndiyambe ndawasiya?

Alangizi a ziweto ngati mulipo, chonde ndiyankheni mvula isanagwe.