Injini ya 80cc pa njinga yakapalasa: ipirira msewu wa Senga Bay?

Wa_ku_SengaBay

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna kugula kainjini ka 2-stroke kaja amati 80cc, kobwera m'katoni limodzi ndi thanki, tcheni, ekizozi ndi sipuloketi, ndimange pa njinga yakuda ya matayala a 28, ya mabuleki a ndodo. Ntchito yake ikhala kunyamula dengu la usipa kapena thumba la mpunga la makilogalamu 50 kuchoka ku Senga Bay kukafika pa Kamuzu Road ku Salima, mwa apo ndi apo kulowa njira zamchenga za ku Lifuwu. Njinga yotereyi ipirira? Nditenge sipuloketi ya mano angati? Nanga oyilo wa mainjini a maboti, poti kuno ndiye wosasowa, ndingasakanize ndi petulo?

Wokonza_Njinga_KamuzuRoad

Achimwene, musanatulutse ndalama gwadani kaye pa tayala lakumbuyo muwerenge masipoko. Sipuloketi ya m'katonimo imagwira pa masipoko ndi malabala awiri ndi mabawuti 9, ndipo anaipangira tayala la masipoko 36, kuti bawuti iliyonse igwere pakati pa masipoko anayi. Njinga zakudazi zambiri kumbuyo zili ndi 40. Mabowo sagwirizana, anthu amangokakamiza, sipuloketi n'kukhala chopendekeka. Zikatero tcheni imati pena kulimba pena kukhwepa pa kuzungulira kulikonse, masipoko n'kuyamba kuthothoka limodzilimodzi mbali ya kumanzere. Ngati anu ali 40, lukitsani tayala lina la habu ndi limu ya mabowo 36, ndi masipoko onenepa aja a geji 12.

Pomanga, musalimbitse bawuti imodzi mpaka kumapeto. Zimangeni pang'onopang'ono modumphadumpha, iyi kenako ya kutsidya kwake, uku mukuzungulitsa tayala. Mangirirani kawaya pa felemu kuti kansonga kake kayandikire mano a sipuloketi, muone ngati ikuvina. Kuvinako kusapitirire milimita imodzi ndi theka, kaya cham'mbali kaya chokwera ndi kutsika. Ntchito imeneyi yokha imadya ola lathunthu, ndipo ndi imene anthu amaithamangira.

Za mano: yobwera nayo imakhala ya 44. Kasipuloketi ka pa injini kali ndi mano 10, ndipo magiya a m'kati amachepetsa kale liwiro kanayi, ndiye injini ikazungulira ka 18 tayala lazungulira kamodzi. Pa tayala la 28 zimenezo zimakupatsani makilomita 35 mpaka 40 pa ola pa tala. Anyamata amakonda ya 36 kuti izithamanga, koma inu ndi thumba lanu la mpunga musayese, idzalephera kudzuka ndipo kilatchi idzapsa. Fufuzani ya 48 kapena 50. Liwiro litsika pang'ono, koma mphamvu yokokera mumchenga mudzaiona.

Felemu nayo muiyese. Injini imakhala m'kati mwa makona atatu aja, kugwira chitsulo cha pansi pa chishalo ndi chija chotsikira ku mapedulo. Njinga za mitanda iwiri pamwamba nthawi zambiri pulagi kapena kabuleta imagunda mtanda wam'munsi. Komanso ndodo ya buleki yakumbuyo imadutsa ndendende pamene chomangira chakutsogolo chimafuna kukhala. Musaboole felemu kuti bawuti idutse, chonde. Injini izi zimanjenjemera koopsa, ndipo mng'alu umayambira pa bowo lomwelo. Musaikenso labala pakati pa injini ndi felemu poganiza kuti muchepetsa kunjenjemera: injini imayamba kugwedezeka, mabawuti a mamilimita 6 aja n'kuduka m'kati mwenimweni. Chitsulo chigone pa chitsulo chinzake, mabawuti a m'katoni muwataye, mugule olimba olembedwa 8.8 pamutu.

Koma chimene chimagwetsa anthu kwambiri ndi kagudumu kolimbitsira tcheni. Kamangogwira ndi mabawuti pa chitsulo chozungulira, chopita chichepa, ndiye tcheni ikakoka kamatembenuka n'kulowa m'masipoko, tayala n'kuima nji muli pa liwiro. Pitani nako kwa owotcherera akakawotcherere pa felemu, kapena akupangireni chitsulo chogwira malo awiri, pansi ndi pamwamba. Tcheni ya 415 muisiyire kusewera kwa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo kakilipi kolumikizira mbali yake yotseka iyang'ane kumene tcheni ikupita.

Madala_wa_Mainjini

Mwana wanga, za oyilo wa maboti ndikuyankheni ine: ayi. Pa chigubu chake mupeza palembedwa TC-W3. Ameneyo anamupangira injini yozizira ndi madzi a m'nyanja, imene sitentha kwambiri. Yanuyi imazizira ndi mphepo yokha, ndipo pa dzuwa la October kuno, mutanyamula katundu, mukuyenda pang'onopang'ono mumchenga, mutu wake umachita kuwawula. Gulani oyilo wa 2T wa njinga zamoto kapena wa makina ochekera matabwa, wolembedwa JASO FC kapena FD. Oyilo wa galimoto ndiye musayandikire n'komwe, amasiya makala pa pisitoni ndi kutseka ekizozi.

Muyezo wake nawu. Matanki anayi oyambirira, injini ikali yatsopano, thirani mamililita 50 pa lita imodzi ya petulo, ndiye 20:1 imeneyo. Timabuku tina timati 16:1, koma ndi oyilo wa masiku ano zimangodetsa pulagi ndi kudontha ku ekizozi. Nthawi imeneyi musapyole makilomita 25 pa ola, musatsegule moto wonse, ndipo muziipumitsa pakatha mphindi 20 kapena 30. Ikazolowera tsikirani pa mamililita 40 pa lita, 25:1. Yezerani ndi sirinji, osati ndi maso kapena chitsekerero cha botolo. Sakanizirani m'chigubu, mukhutchumule bwino, kenako muthire m'thanki. Mukathira oyilo mwachindunji m'thanki amakakhala pansi n'kulowa yekha mu kabuleta, mudzapalasa mpaka thukuta osalira.

Dzina la 80cc lisakunamizeni, zambiri ndi 66cc mpaka 69cc. Thanki yake ya malita awiri imakwana kupita ku boma ndi kubwerera popanda nkhawa.

Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina wake wochokera konkuno ku Dwangwa. Kapaipi koyera kobwera m'katoni sikachedwa kuuma ndi kusweka naye, ndiye gulani paipi yakuda ya njinga yamoto, muikepo ndi kasefa pakati. Thanki yatsopano muitsuke kaye ndi petulo pang'ono, mumatuluka dzimbiri ndi tizitsulo. Mukaimika njinga tsekani kampopi ka petulo nthawi zonse. Musasunge wosakaniza kale kwa mwezi wathunthu, ethanol amakoka chinyezi.

Tsono mvetserani apa, poti injini zambiri zimafera pamenepa. Kabuleta ikapanda kukhala bwino pa khosi pake, mpweya umalowera m'mbali, petulo n'kuchepa, ndipo petulo akachepa ndiye kuti oyilonso wachepa. Chizindikiro chake, mukagwira kilatchi injini imalira mokwera yokha osafuna kutsika. Mukaumirira, pisitoni imagwira. Kankhirani kabuleta mpaka kumapeto, muikemo kalabala kozungulira, mumange. Mukayenda makilomita angapo masulani pulagi muione kunsonga. Ikhale yofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Ikayera mbuu ngati phulusa, petulo akuchepa: tsitsani kakilipi ka pa singano ya kabuleta ndi mzere umodzi kuti singanoyo ikwere. Ikada bii n'kunyowa, kwezani kakilipiko. Injini yotchunidwa ku Lilongwe, kumtunda kopitirira mamita 1,000, ikatsikira kuno kunyanja pa mamita pafupifupi 500 imapeza mpweya wochuluka, ndiye muionenso pulagi. Ya m'katoni muisinthe ndi NGK B6HS, mpata wake 0.6 mpaka 0.7 mm.

Kasiponji kosefa mpweya, pa fumbi la ku Lifuwu, muzikachapa sabata iliyonse, kaume, mudonthezepo oyilo pang'ono n'kukafinya. Manati anayi a pamutu pa injini muziwalimbitsa injini itazizira, mopingasa. Mawaya: wabuluu ku wabuluu wa CDI (kabokosi kotumiza moto ku pulagi), wakuda ku wakuda, woyera mumukulunge tepi asakhudze chitsulo. Pamene mawaya atulukira mu magneto (chopangira magetsi cha m'injini) matanipo silikoni mvula isanayambe.

Mayi_wa_Masipeya

Abambo awiriwa anena zoona, koma ine mtima wanga uli pa mabuleki, ndipo pamenepo sindinyengerera. Mabuleki a ndodo anawapangira munthu wopalasa makilomita 15 kapena 20 pa ola. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Onjezanipo thumba la 50, injini ndi thanki zolemera makilogalamu oposa 10, limu yachitsulo yonyowa ndi madzi a nsomba, kenako mbuzi idumphire mumsewu. Timalabala tija sitigwira kanthu.

Ine ndikanati njinga yakudayo muisiye ikhale yopalasa. Pezani felemu yachitsulo ya njinga zamagiya za matayala a 26, ya makona atatu otakasuka. Nthawi zambiri imabwera kale ndi masipoko 36, mabuleki a waya ogwira mwamphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi matayala otambalala amene samira msanga mumchenga. Ya aluminiyamu ayi, imang'aluka ndipo owotcherera athu ambiri sangaigwire. Kaliyala yokha ndiyo mukapangitse yolimba. Dziwaninso kuti dzanja lamanzere likhala ndi zogwira ziwiri, kilatchi ndi buleki, ndiye muziike motalikirana bwino, muyeserere pa bwalo musanalowe mumsewu waukulu.

Kunena chilungamo, ngati katundu wa makilogalamu 50 ndi wa tsiku ndi tsiku, werengerani mtengo wa injini, tayala, mabuleki ndi kuwotcherera, muyerekeze ndi njinga yamoto yogwirapo kale ntchito. Injini iyi ilibe magiya, podzuka mumayamba mwapalasa kenako n'kusiya kilatchi. Ndipo ikangokhala ndi injini, pitani ku Road Traffic mukamve za kalembera ndi laisensi musanakumane ndi apolisi apamsewu. Chipewa cha njinga yamoto ndi nyali ya batire musayende opanda.

Wa_ku_SengaBay

Zikomo kwambiri nonse. Ndawerenga masipoko, alidi 40, ndipo mitanda ndi iwiri. Ndisaka felemu ya 26. Nanga pa tayala laling'onolo, sipuloketi ikhalebe ya 50?

Wokonza_Njinga_KamuzuRoad

Ayi achimwene, pa 26 yambani ndi ya 44 yomweyo, poti tayala laling'ono limakupatsani kale mphamvu yokokera. Mukaona kuti ikulemedwa podzuka ndi katundu, ndiye mukwere pa 48. Musanaike tcheni yesaninso mapedulo ngati sakugunda injini kapena ekizozi. Akagunda, sinthani kalanka muike yotambalala, musapinde ekizozi ili pa injini chifukwa mabawuti ake amathyokera mu silinda.