Odwala BP akusiya mapiritsi chifukwa cha ufa wa cham'mwamba, ndikawauze chiyani?

HSA (mlangizi wa zaumoyo m'midzi), Makanjira: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno kwabwera wogulitsa ufa wa cham'mwamba m'timabotolo, akuuza anthu kuti umachiziratu BP ndi shuga. Odwala ena asiya kukatenga mankhwala. Lachisanu ndikayankhula pabwalo la amfumu, koma ndikakanena kuti masambawa ndi achabechabe sakandimvera, poti ife tomwe timawalimbikitsa kudya zamasamba.

Nesi, Monkey Bay: Musakawanyoze masambawo achimwene, ndi ndiwo zabwino, muli ayironi, kashiamu ndi vitamini A. Kungoti chakudya chimateteza pang'onopang'ono, munthu akamadya tsiku ndi tsiku kwa zaka. Amene BP inamukwera kale mpaka kupatsidwa mapiritsi a BP monga HCT kapena amlodipine, akasiya ndiye akuputa sitiroko. Mapiritsi ndi ndiwo ziyendere limodzi.

Wazamadyedwe, Boma: Ine chimandiwawa n'choti anthu akugula botolo pomwe zoteteza zili pakhomo pomwepo. Usipa uli ndi mafuta a omega-3 othandiza mtima, ndipo poti timadya ndi minga yomwe, kashiamu timapezanso. Nandolo, khobwe, bonongwe, nkhwani ndi nthochi zili ndi potaziyamu, amene amathandiza impso kutulutsa mchere wochuluka, BP n'kutsikako. Mgaiwa uli ndi gaga, choncho shuga salowa m'magazi mothamanga ngati mmene zimakhalira ndi ufa woyera, ngakhale kuti mitandanso iyenera kuchepa. Malambe, omwe angoti mbwee m'boma lathu lino la Mangochi, ndi odzaza vitamini C. Koma taonani zimene timachita: malambe timawasandutsa mafirizi othira shuga wambirimbiri, masamba timawathira soda kuti afewe msanga. Sodayo amapha mavitamini ena, komanso ali ndi sodiyamu yemwe uja wa mumchere. Ndiye mayi amati ndasiya mchere, koma therere la soda tsiku lililonse.

HSA, Makanjira: Za sodazi zandithandiza kwambiri asisi. Nanga mchere ndikawauze mulingo wotani?

Wazamadyedwe, Boma: Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu nsomba zouma. Nsomba zamchere aziyamba aziviika m'madzi n'kutaya madziwo, ndipo asathirenso wina mumphika.

Kilinikala, Namwera: Ndiwonjezereko ziwiri. Amene ali ndi vuto la impso musawakakamize za potaziyamuzi, abwere tiwaone kaye. Chachiwiri, kwathu kuno ambiri amasala pa Ramadhan. Wodwala shuga amene akumwa mapiritsi otsitsa shuga a glibenclamide akasala tsiku lonse, shuga amatha kutsika mpaka kukomoka. Abwere mwezi wosala usanayambe kuti tione zosintha. Masheikh mukawafotokozera bwinobwino amathandiza kwambiri kufalitsa uthengawu pamzikiti.

Nesi, Monkey Bay: Komanso musakangoyankhula pakamwa. Tengani makina a BP, muwayeze onse amene anasiya mankhwala, manambala adzionere okha. Wogulitsayo musakalimbane naye pagulu, anthu angayese ndi nsanje.

HSA, Makanjira: Zikomo nonse. Makina ndibwereka kuchipatala, amayi a keyagulupu (gulu lophunzitsa za madyedwe m'mudzi) akaphika nkhwani wotendera wopanda soda kuti anthu alawe, ndipo Asheikh ndikawaona mawa. A Kilinikala, ndikapeza wina BP yake yadutsa 180 ndimutumize tsiku lomwelo?

Kilinikala, Namwera: Tsiku lomwelo, ndi kalata. Ngati mutu ukumuwawa kwambiri, sakuona bwino kapena mbali ina ya thupi yafooka, asadikire msonkhano kutha.