Holo yakale ya zisudzo kwathu: simenti tisakanize bwanji kuti pulasitala asagwenso?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, thandizeni maganizo. Pa boma pathu pali holo ya nthawi ya atsamunda, momwe makolo athu ankaoneramo kanema, kenaka nkukhala ya zisudzo ndi mipikisano ya masukulu. Lero ikudontha, mileme yadzaza, khoma la kuseri kwa siteji lang'aluka. Tinapanga komiti, anzathu a ku Joni ndi a ku Lilongwe asonkha mpaka K6 miliyoni. Koma mavuto ndiye musanene. Wapampando sayankha foni, msungichuma ndi mlamu wake, ndipo mayi ena amene sanaperekeko ngakhale K500 ndi amene akulongolola pa WhatsApp kuti tikudya ndalama. Ine mayunitsi ndikugula ndi ndalama zanga, wondithokoza palibe. Anyamata a mpira nawonso amakodza kukhomako. Funso: thumba limodzi la simenti tiike mawilibala angati a mchenga kuti pulasitala asagwenso? Tikufuna pofika Disembala muchitike sewero.

Kapitawo wa Njerwa: SIMENTI AYI! Achimwene, tengani msomali mukande pakati pa njerwa. Mukaona dothi kapena zoyerera zofumbutuka, khomalo anamangira matope kapena laimu. Khoma lotero limapuma, chinyezi chimalowa nkutuluka. Mukalimata simenti chinyezi chimatsekeredwa mkati, njerwa zimafewa, pulasitala amayamba kulira ngati ng'oma mukamugogoda, kenaka amagwa atanyamula nkhope ya njerwa. Mwati "asagwenso", ndiye kuti wina anayesapo kale simenti. Muyezo ndi ndowa 1 ya laimu ku ndowa 3 za mchenga wa kumtsinje wosefa. Laimuyo aviikidwe mu mgolo osachepera tsiku lathunthu, akakhalamo sabata ndiye bwino.

Nabanda wa Malamulo: Bambo, mwatiuza za mlamu wa wapampando ndi za mkodzo, koma simunatiuze kuti holoyo ndi ya ndani. Ya khonsolo, ya mishoni, kapena ya esiteti? Popanda chikalata chosainirana ndi mwini wake, chonena kuti mudzaigwiritsa ntchito zaka zingati ndipo ndalama za pakhomo zidzagawidwa motani, mukukonzera wina. Tsiku lomwe mudzamalize kupenta, adzaibwereketsa kwa a tchalitchi kapena ogula soya.

Kalipentala Mbewe: Onse awiri mwayambira pakati. Nyumba yodontha sapanga pulasitala. Kwerani ndi sikuludiraiva, mubaye thabwa lililonse pamene lakhalira pakhoma, chifukwa chiswe ndi kuola zimayambira pamenepo. Ikalowa mosavuta, thabwalo latha ngakhale kunja likuoneka labwino. Osagwetsa denga lonse ayi. Dulani mbali yoolayo, lumikizani ndi matabwa awiri mbali zonse, mumange ndi mabauti, osati misomali. Malata akhale a geji 28 kapena okhuthala kuposa apo, ndipo polumikiza m'litali apitirirane masentimita 15 mpaka 20.

Kapitawo wa Njerwa: A Mbewe, denga inde, koma anthu awa akagula simenti mawa. Ndiwaletse kaye. Ndipo pulasitala wa laimu samata kamodzi. Nyowetsani khoma, ikani woyamba wosapitirira mamilimita 10, mumukande mizere, adikire masiku angapo, kenaka wachiwiri. Muzimuwaza madzi m'mawa ndi madzulo, dzuwa la Okutobala likamuumitsa msanga amasweka. Pamwamba pake penti wa mafuta AYI, ndi laimu yemweyo. Mandala House ku Blantyre ndi ya 1882, ilipobe. Ndani anakuuzani kuti chosunga nyumba ndi simenti?

Jah Bless Ndirande: Sewero loyamba likhale la komiti yomweyi. Wapampando, mlamu wake ndi mayi a K500 aja. Tikiti ndigula 😂

Injiniya Wamkazi: Palibe wafunsa kuti dengalo ndi la chiyani. Maholo ambiri akale anafoleredwa ndi asibesitosi, uja wotuwa wokhuthala. Ngati ndi ameneyo, osamudula ndi girenda, osamuboola, osamusesa ali wouma. Fumbi lake limaononga mapapo ndipo matenda amaoneka patatha zaka zambiri. Amanyowetsedwa, nkumasulidwa wathunthu, ndi anthu ovala zotchinga mphuno zoyenera. Munthu asapondepo, amathyoka mosachenjeza. Za mng'aluwo, yezani kukula kwake, lembani ndi pensulo pothera pake ndi tsiku, mudzayezenso pakatha mwezi. Ukaposa mamilimita 5, kapena ukamakula, kapena ukakhala wotsata njerwa ngati masitepe, vuto lili ku maziko. Kumata ndi kungobisa.

Kapitawo wa Njerwa: Mayi Injiniya, ming'alu yambiri ya nyumba zakale imabwera ndi simenti yomwe ndikunenayi.

Injiniya Wamkazi: Ayi bambo, imabwera ndi madzi. Tiyerekeze holo ya mamita 12 kwa 25. Dengalo ndi masikweya mita 300, ndiye mvula ya mamilimita 30 ndi malita 9,000 ogwera m'mphepete mwa maziko. Pakufunika magatala, khonde lotsetsereka la mita imodzi kuzungulira nyumba, ndi ngalande yotaya madzi kutali. Apo simenti ndi yofunika ndithu, musawaopseze anthu.

Kapitawo wa Njerwa: Pansi ndavomera. Pakhoma SINDIVOMERA.

Gogo wa Zisudzo: Inu mukukangana za njerwa, nanga adzaseweremo ndani? Masiku a Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata, a Kwathu, a Izeki ndi Jakobo, anthu ankadzaza maholo. Ana a lero ali pa TikTok. Komabe ngati mwatsimikiza, dziwani kuti malata opanda siling'i mvula ikagwa wosewera samveka ngakhale pa mzere wachitatu. Disembalayo ndi ya mvula. Khoma la kumbuyo kwa oonerera mupachikepo mphasa kapena makatani olemera kuti mawu asabwerere. Ndipo lembani mlonda musanagule waya ndi mmodzi yemwe. Holo ya zisudzo ya French Cultural Centre ku Blantyre inasakazidwa mu 2011 eni ake atachoka, mumzinda, anthu akuona.

Sparks wa ku Zingwangwa: Mawaya akale onse atuluke, osalumikiza ndi atsopano. Waya wa saizi 1.5 ku mababu, wa 2.5 ku masoketi, magetsi a pa siteji akhale ndi bureka yawoyawo, ndipo pakhale ethi (chitsulo choteteza kuti magetsi asagwire munthu) yokhomedwa pansi. Agwire ndi munthu wa laisensi ya MERA. Zitseko zizitsegukira kunja ndipo zikhale zosachepera ziwiri. Mphasa za agogozo zitalikirane ndi mababu otentha.

Nabanda wa Malamulo: Ndikubwerezanso, ya ndani? Komanso nyumba ikakhala pa mndandanda wa zotetezedwa pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act, simuloledwa kusintha chilichonse musanapemphe ku dipatimenti ya Museums and Monuments. Ndalamazo zichoke mu Mpamba ya munthu, zipite ku akaunti ya gulu ya osainira atatu, malisiti aziponyedwa pa WhatsApp sabata iliyonse. Mayi aja adzasowa chonena.

Kalipentala Mbewe: Mileme musaiphe ndi utsi, mudzaotcha matabwa. Tsekani mipata yonse ndi waya wa sefa kusiya umodzi, umenewo mudzatseke usiku itatuluka. Zitosi zake muwaze madzi musanasese.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Wapampando wayankha tsopano, akuti anali ku maliro. Makiyi amasunga abusa ena amene amapempheretsamo Lamlungu, za mapepala ndikafunsa. Simenti tinagula kale matumba 40 mu Ogasiti, ali pa siteji.

Kapitawo wa Njerwa: MATUMBA 40! Pansi pa denga lodontha!

Injiniya Wamkazi: Asanjeni pa matabwa, atalikirane ndi khoma, muwafunditse pulasitiki. Simenti akapitirira miyezi 3 amayamba kutha mphamvu, ndiye apite ku khonde ndi ngalande mvula isanayambe, mwini holo akalola. Thumba lomwe lili ndi zibuma zosaphwanyika ndi dzanja litayeni. Ndipo bambo, dengalo ndi la malata kapena asibesitosi?