Amalume akufuna kukumba ngalande pakati pa dambo, ndiwauze bwanji?

Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Kwathu ndi kumudzi kufupi ndi Chipata, mbali ya mtsinje wa Lutembwe. Dambo lathu limadzaza madzi kuyambira Januwale mpaka Malichi. Madzi amalekeza m'mawondo, milamba imakwera kudzaikira mazira mu udzu, usiku achule osatilola kugona. Madzi akaphwa timalima madimba m'mphepete, repu, matimati ndi nzimbe, ng'ombe n'kumadya msipu wapakati mpaka Okutobala.

Chilala cha 2024 chitapsereza chimanga kumunda, dambo lomweli ndi limene linatidyetsa. Lero amalume akuti akumbe ngalande pakati penipeni, madzi azichoka msanga, adzalepo chimanga cha dzinja. Mtima wanga ukukana. Sabata yatha ndinafukula ndi dzanja pafupi ndi chitsime cha amayi, dothi lakuda lija linali likadali lonyowa, lozizira, pamene kumtunda kuli fumbi lokhalokha. Kodi ngalande ingaumitsedi dambo lonse, kapena ndi mantha anga chabe? Nanga ine mphwawo ndiyambira pati kuti ndisaoneke wamwano?

Mlimi wa ku Katete: Si mantha chabe achimwene. Udzu ndi mizu yake ndi zimene zimagwira madzi kuti alowe pansi, n'kumatuluka pang'onopang'ono m'chilimwe. Kwathu anakumba. Patangopita madzinja atatu ngalande ija inasanduka chigwembe choti ng'ombe singawoloke, ndipo zitsime za kumadimba zinayamba kuuma mu Ogasiti.

Wokhala ku Monze: Ngakhale madambo aakulu amavulala mukasokoneza madzi. Damu la Itezhi-Tezhi litamangidwa m'zaka za m'ma 1970, kusefukira kwa madzi m'dambo lalikulu la Kafue Flats, kumunsi kwa damulo, kunasintha, ndipo kumalo osungirako nyama zakutchire a Lochinvar chitsamba chaminga chotchedwa Mimosa pigra chinalanda msipu wa nyama za lechwe.

Agogo a ku Mambwe: Mwanawe, usakawayankhe pamaso pa anthu, amenewo ndi eni mbumba. Uyambe ndi amayi ako, ndi mlongo wawo, akalankhulane awiriwiri. Zikakanika mukaone a nyakwawa, poti dambo silimwetsa banja limodzi. Komanso usapite chimanjamanja. Njala ndi imene ikuwaganizitsa zimenezi, ndiye uwauze za mpunga, umene umakonda madzi omwewo.

Wofunsa: Zikomo agogo, ndilankhula ndi amayi madzulo ano. Za mpunga sindinaganizepo. Alipo amene anaulimapo m'dambo la dothi lamakande kuno ku Chipata? Munadzala mwezi wanji?