Kodi ndi mlandu kudutsa munthu wokomoka osamuthandiza?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru: kodi ku Ulaya munthu angaimbidwe mlandu ngati waona mnzake atakomoka koma n'kungodutsa osachitapo kanthu?

Namwino: Bambo, zimatengera dziko. Ku Germany, gawo 323c la malamulo a milandu limati wolephera kuthandiza pangozi alipire chindapusa kapena akakhale kundende mpaka chaka chimodzi. Mu 2017 khoti la ku Essen linalipiritsa anthu atatu amene analumpha gogo wa zaka 83 yemwe anagwa pafupi ndi makina otapira ndalama kubanki, iwo n'kupitiriza kutapa ndalama zawo. Makamera anawajambula, ndipo gogoyo anamwalira patapita masiku ochepa. Nkhaniyi imandipweteka mtima, chifukwa kuimba 112, nambala ya foni yoitanira thandizo pangozi, sikukanawatayitsa ngakhale mphindi ziwiri.

Mphunzitsi: Zoonadi mayi, ndipo ku France chilango n'chokhwima kwambiri: mpaka zaka 5 kundende ndi chindapusa chofika mayuro 75,000, ngakhale lamulo silikakamiza munthu kuika moyo wake pachiswe. Ku England kulibe lamulo lotere, pokhapokha ngati muli ndi udindo pa wovutikayo, monga kholo kwa mwana wake, kapena ngati ngoziyo munaiyambitsa ndinu.