Anyamata a Chisipanishi akusaina pepala koma hanesi akuvala mokhota, thandizeni Lolemba lisanafike

Kapitawo_Indy:
Akuluakulu thandizeni msanga. Kampani yathu yokhoma madenga kuno ku Indianapolis yatenga anthu 9 kudzera ku staffing agency (kampani yobwereketsa antchito), 7 aku Guatemala, awiri aku Mexico. Chingerezi chawo ndi "yes boss" basi. Toolbox talk (kamsonkhano ka zachitetezo ntchito isanayambe) ikuchitika Lolemba lililonse, pepala akusaina onse, koma ukakwera padenga upeza wina D-ring (mphete yokolapo chingwe pa hanesi, malamba ovala aja oteteza munthu akagwa) yatsikira kumsana m'munsi, wina malamba a m'ntchafu ali lendelende, wina wakola lanyard (chingwe cha hanesi) pa paipi ya vent. General contractor (GC, kampani yoyang'anira site yonse) wanena kuti akadzaonanso zimenezi atichotsa pa site. Abwana akuti ndingomasulira pepala pa foni ndimate pakhomo la trailer. Zimenezo sizithandiza, ndikudziwa. Ndiyambire pati?

Malume_Dallas:
Achimwene musadzivute. OSHA 10 (maphunziro a maola 10 a OSHA, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito) ya Chisipanishi ilipo pa intaneti. Alipirireni, aliyense atenge khadi lake, nkhani yatha.

Nabanda:
Malume, khadi limenelo silitseka dzenje limene a Kapitawo ali nalo. OSHA yokha imanena kuti maphunziro a maola 10 ndi a maola 30 ndi ongotsegula maso, salowa m'malo mwa maphunziro amene lamulo lililonse limafuna kwa wolemba ntchito. Za kugwa zili pa ndime 1926.503 ya malamulo a OSHA: munthu wodziwa bwino ntchitoyo aphunzitse aliyense zoopsa za pamalopo ndi zida zimene akugwiritsa ntchito, ndipo palembedwe dzina la wophunzira, tsiku, ndi siginecha ya wophunzitsa kapena ya bwana. Ndime yomweyo imati mukaona kuti munthu sanamvetse, muphunzitseninso. Munthu wokola lanyard pa paipi ya vent wakuuzani kale kuti sanamve.

Za chilankhulo, pali kalata ya OSHA ya pa 28 Epulo 2010 yonena kuti maphunziro aperekedwe m'chilankhulo ndi m'mawu amene wantchito akumva. Inisipekitala akabwera sangoona pepala ayi, amakokera wantchito pambali n'kumufunsa yekha. Kwanu ku Indiana obwerawo ndi a IOSHA (OSHA ya boma la Indiana), koma malamulo a zomangamanga ndi omwewo.

Ndipo musanene kuti ndi anthu a agency. Pa antchito obwerekedwa udindo ndi wa onse awiri, ndipo zoopsa za padenga lanu wozidziwa ndi inu.

Mbwiye:
Musanasindikize chilichonse, fufuzani kaye ngati 7 aku Guatemala aja Chisipanishi ndi chawodi. Ambiri ochokera kumapiri a kumadzulo kwa dzikolo kunyumba amalankhula K'iche', Mam kapena Q'anjob'al, Chisipanishi anachitolera kumsika ndi kuntchito. Chimodzimodzi aku Oaxaca ku Mexico, ena ndi a Mixteco kapena Zapoteco. Munthu wotereyu amalankhula Chisipanishi chokwanira kugulira chakudya, koma mukamupatsa tsamba lodzaza zilembo amangoliyang'ana n'kusaina pamene mnzake wasaina. Sanganene kuti sadziwa kuwerenga, pamaso pa anzake ndiye sizingatheke n'komwe. Afunseni mmodzimmodzi, pambali, kuti kunyumba amalankhula chiyani. Mukapeza atatu a Mam, pezani pakati pawo amene Chisipanishi chake n'chakuthwa, akhale mlatho wa anzakewo.

Kapitawo_Indy:
Zimenezo sindinaziganize. Pali mtsogoleri wawo amalankhulako Chingerezi, ndiye amene amamasulira.

Mbwiye:
Ameneyo samalani naye. Ngati gululo limalipidwa pa square (potengera kukula kwa denga limene akhoma), mphindi iliyonse ya kuphunzira ndi ndalama yotayika kwa iye. Inu mulankhula mphindi zisanu, iye amasulira mawu anayi, "valani hanesi, tiyeni tikwere". Njira yodziwira n'njosavuta: nenani chiganizo chimodzi, imani, amasulire, kenako china. Kumasulira kukakhala kwakufupi kwambiri kuposa zimene mwanena, chinachake chagwera panjira. Ngakhale m'makalasi a OSHA 10, pakakhala womasulira wodikira kuti mphunzitsi amalize kaye, malamulo ake amafuna nthawi yowirikiza kawiri, komanso womasulirayo akhale wodziwa za chitetezo. Ndiye toolbox talk yanu ya mphindi 10 iwerengereni 20 kapena kuposa, ndipo nthawi imeneyo alipidwe.

Malume_Dallas:
N'chifukwa chake ndikuti pa intaneti. Palibe womasulira, zonse zili m'Chisipanishi kale. Khadi likabwera GC atseka pakamwa.

Nabanda:
Malume, wa Mam wosadziwa kuwerenga adzadina bwanji mafunso a pa kompyuta? Chimene chimachitika n'chakuti mmodzi amadinira onse madzulo, makhadi amabwera 9, wophunzira ndi mmodzi. Ngati mukufunadi OSHA 10, pa webusaiti ya OSHA pali mndandanda wa aphunzitsi olankhula Chisipanishi, muitane wina aphunzitse maso ndi maso. Koma si za Lolemba zimenezo, chifukwa saloledwa kupitirira maola 7.5 patsiku, ndiye pamafunika masiku awiri.

A Kapitawo, Lolemba chitani izi pansi, munthu asanakwere. Mapepala asiyeni m'galimoto. Aliyense atenge hanesi yake, ayiyang'ane pamaso panu: ulusi wosomphoka, popsa ndi phula kapena moto, zomangira zopindika, chizindikiro chosonyeza kuti inagwirapo munthu. Yogwirapo munthu ichotsedwe nthawi yomweyo. Kenako avale yekha inu osamugwira. D-ring ikhale pakati pa mapewa kumsana, lamba wa pachifuwa pakati pa chifuwa osati pakhosi, malamba a m'ntchafu othina moti chikhatho chotambasula chilowe koma chibakera chikanike. Musafunse kuti "mwamva?" chifukwa yankho lidzakhala "sí" nthawi zonse. Mawu oti muloweze ndi amodzi, "muéstreme" (ndionetseni), akuonetseni ndi manja. Akalakwitsa, mnzake amukonze, abwerezenso.

Chinanso, anyamata ambiri aku Guatemala ndi aafupi thupi. Hanesi zija za saizi imodzi zogulidwa m'ndowa zimawakulira, D-ring n'kumatsika ngakhale atamanga bwino. Kuyambira Januwale 2025 lamulo la zomangamanga limanena poyera kuti zida zodzitetezera zimukwane wovala, ndipo wogula ndi bwana. Itanitsani za small.

Mmisiri wa Matabwa:
Kuwonjezera pa achemwaliwo, vuto la paipi ya vent si chilankhulo chokha. Munthu amakola pa paipi chifukwa anchor (chitsulo chokhomedwa padenga chokolapo chingwe) ili kutali kapena ilipo imodzi anthu atatu. Anchor imodzi munthu mmodzi, yotha kunyamula mapaundi 5,000, pokhapokha wopanga atalemba kuti ndi ya awiri. Ikhomedwe pa truss kapena rafter (mitanda yonyamula denga), osati pa plywood yokha, ndipo mabowo onse adzazidwe ndi misomali imene wopanga wanena. Cholakwika chofala n'chokhoma misomali inayi ya mfuti ya shingle n'kumati zatheka. Khomani imodzi pa thabwa pansi, onse akuona, muwerengere limodzi misomali.

Muwaonetsenso masamu a kugwa, chifukwa ambiri amaganiza kuti ukangokola chingwe wapulumuka. Lanyard mafiti 6, shock pack (kathumba ka pa chingwe kochepetsa mphamvu ya kugwa) ikatambasuka mafiti 3.5, msinkhu wa munthu mafiti 6, malo otsala mafiti 3. Zonse 18.5. Nyumba yosasanjikiza m'mphepete mwa denga simufika pamenepo, munthu afika pansi chingwe chisanagwire. Ndiye pa nyumba zotero rope grab (kachitsulo koyenda pa chingwe, kogwira munthu akagwa) isunthidwe pafupipafupi kuti chingwe chikhale chachifupi, munthu asafike n'komwe m'mphepete. Yezani ndi tepi pakhoma akuona, sipafunika Chisipanishi chambiri.

Ndipo manambala muwapatse m'mamita. Kwawo amayeza mamita. Malire a chitetezo pa zomangamanga ndi mafiti 6, muwauze 1.8 mita. Makwerero apitirire denga ndi mafiti 3, pafupifupi mita imodzi, ndipo pa mafiti 4 alionse okwera tsinde lituluke futi imodzi.

Malume_Dallas:
Zonsezo n'zabwino koma GC amafuna khadi. Sadzabwera kudzawerenga misomali. Ine ndaima pomwepo.

Nabanda:
GC wanena kuti waona anthu okola molakwika, Malume, sananene za khadi. Khadi lili m'thumba, lanyard ili pa paipi, achotsedwabe.

Zosindikiza zilipo zaulere, musamasulire nokha pa foni. CPWR (bungwe lofufuza za chitetezo cha omanga) ili ndi ma toolbox talk a Chisipanishi okhala ndi chithunzi mbali ina, ndi timakhadi ta hazard alert. OSHA ili ndi QuickCards za Chisipanishi, mabuku opangidwa ndi ndalama za Susan Harwood, komanso dikishonale ya mawu a zomangamanga ya Chingerezi ndi Chisipanishi. NIOSH (bungwe la boma lofufuza za chitetezo pa ntchito) ili ndi app ya makwerero imene imayeza kupendekeka, nayo ili m'Chisipanishi. Koma dikishonaleyo musaikhulupirire yokha, pa site anthu ali ndi mawu awoawo osakaniza. Nyamulani chida, funsani amachitcha chiyani, lembani, muzigwiritsa ntchito dzina lomwelo tsiku lililonse. Mugwirizanenso mawu amodzi oimitsira ntchito. Aku Mexico akakuwa "¡aguas!" sakupempha madzi, akuti chenjera, ndipo anzawo a Chingerezi pa site ayenera kudziwa zimenezo.

Ku Indiana kulinso INSafe, amabwera kudzaona site ya kampani yaing'ono kwaulere ndipo si amene amalipiritsa chindapusa. Kungoti zoopsa zazikulu zimene apeza muyenera kuzikonza.

Nasibeko_Fresno:
Musaiwale kutentha poti ndi anthu atsopano. Padenga la shingle kumatentha kuposa pansi, ndipo masiku oyamba ndi amene amapha. Tsiku loyamba asapitirire 20 peresenti ya nthawi ya padzuwa, muziwonjezera osaposa 20 tsiku lililonse. Kapu imodzi ya madzi mphindi 20 zilizonse. Kuno ku California mthunzi ndi lamulo kukapitirira 80°F, ndipo pa 95°F pamabwera malamulo ena owonjezera. Kwa iwo nenani 27 ndi 35, Fahrenheit sawamva. Choopsa n'chakuti munthu watsopano woopa kuchotsedwa sanena kuti mutu ukuzungulira. Muwaike awiriawiri aziyang'anana. Wina akayamba kulankhula zosokonekera, imbani 911 ndipo mumuthire madzi ozizira pomwepo, musamuike m'galimoto kuti apume.

Mbwiye:
Mantha amenewo ndi aakulu kuposa chilankhulo. Ambiri amabisa chilonda poganiza kuti akanena, mawa saitanidwanso. Muwauze poyera, kudzera mwa womasulira amene si mtsogoleri wawo, kuti kunena za ngozi sikuchotsetsa ntchito, ndi kuti ufulu wa chitetezo sudalira mapepala a munthu. Positala ya OSHA ya Chisipanishi ipachikidwe poonekera. Inunso kumbukirani nthawi: imfa inenedwe kwa IOSHA pasanathe maola 8, kugonekedwa m'chipatala, kuduka chiwalo kapena kutaya diso pasanathe maola 24.

Mmisiri wa Matabwa:
Palibe amene watchula za kutsitsa munthu. Akagwa n'kulendewera pa hanesi, malamba amafinya m'ntchafu magazi osabwerera bwino, akhoza kukomoka ali m'mwamba. Lamulo limafuna kuti apulumutsidwe msanga, ndipo kungodikira ozimitsa moto si pulani. Makwerero aatali akhale pafupi, anthu awiri adziwe ntchito yawo, adiresi ya site ilembedwe pa trailer chifukwa woimba foni akhoza kukhala wosadziwa dzina la msewu. A Kapitawo, madenga anu ndi otsetsereka bwanji, ndipo mukugwiritsa rope grab kapena SRL (chingwe chodzikulunga chokha)? Yankho la anchor lidalira pamenepo.

Malume_Dallas:
Koma khadi atengebe.

Nasibeko_Fresno:
Pa nkhani yomweyi, alipo amene akudziwa supplier wopereka SDS (mapepala ofotokoza zoopsa za mankhwala) za primer ndi zomatira m'Chisipanishi? Lamulo limangofuna za Chingerezi, zinazo n'zowonjezera, ndiye ambiri satumiza mpaka utachita kupempha.